Kusankha sikopu yoonera chandamale ku renji: mafunso ndi mayankho kuchokera ku Zomba

Ndakhala ndikuwombera chandamale ku renji, malo oyeserera kuwombera, kwa zaka zambiri, ndipo chimene anzanga amakonda kundibwereka si mfuti ayi, koma galasi loonera patali limene limaima pambali panga pa miyendo yake itatu. Pa Chingelezi amati spotting scope, ife timangoti sikopu. Mafunso awa ndi amene ndimafunsidwa kawirikawiri ndi anthu ofuna kugula yawoyawo. Ena ndi owombera mfuti, ena oponya mivi, ena ndi okonda mbalame za ku Chilwa amene akufuna chida chimodzi chogwira ntchito ziwiri.

Mfuti yanga ili kale ndi galasi pamwamba. Sikopu ina ndi yachiyaninso?

Galasi la pa mfuti ndi lolozera, pamene sikopu ndi yoonera pomwe chipolopolo chagwera. Kusakaniza ntchito ziwirizi n'koopsa, chifukwa chilichonse chimene mukuchiyang'ana ndi galasi la pa mfuti mwachilozanso ndi mpope wa mfutiyo. Pa renji yoyendetsedwa bwino, woyang'anira akalamula kuti kuwombera kuime ndipo anthu apita kutsogolo kukasintha mapepala, palibe amene amaloledwa kukhudza mfuti.

Palinso nkhani ya kuyenda. Chandamale chikakhala pa mamita 100, kupita ndi kubwera ndi mamita 200, komanso simungapite pamene mwafunira chifukwa anzanu akuwombera. Mukabwerako muli wefuwefu, mtima ukugunda, ndipo kagonedwe kanu kowombera kasokonekera. Wokhala ndi sikopu amangopendeketsa mutu, kuona bowo, kukonza mfuti n'kuwomberanso. Bayinokula singalowe m'malo mwake: zambiri zimakulitsa ka 8 kapena ka 10 basi, ndipo zimagwedera m'manja.

Manambala ngati 20-60x80 akutanthauza chiyani?

Awiri oyambawo ndi kukulitsa, kuyambira ka 20 mpaka ka 60. Chandamale cha pa mamita 100 mukachiyang'ana pa 20 chimaoneka ngati mwaima pa mamita 5. Nambala yomalizayo ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita. Galasi lalikulu limatunga kuwala kochuluka ndipo limasiyanitsa bwino tinthu tating'onoting'ono, koma limalemeranso.

Pali kasamu kamodzi kofunika kukadziwa. Gawani 80 ndi 20, mupeza 4. Ndiye kuti kuwala kofika m'diso mwanu kukutuluka ngati kadontho ka mamilimita 4. Mukapotokola mpaka pa 60, kadonthoko kamatsala mamilimita 1.3 okha. Mukhoza kukaona ndi maso: lozetsani sikopu ku khoma loyera, bwererani m'mbuyo pang'ono, muyang'ane kagalasi koikapo diso uku mukupotokola. Muona kadontho kowala kakufota. N'chifukwa chake chithunzi chimada mukakulitsa kwambiri, ndipo diso likangosuntha pang'ono zonse zimazimirira.

Ndiye sindiyenera kugula yokulitsa kwambiri?

Apa ndi pamene anthu ambiri amatayira ndalama, choncho ndichedwapo pang'ono.

Aliyense amene anayendapo pa msewu wa ku Liwonde masana a mwezi wa Okutobala anaonapo mpweya ukuvina pamwamba pa tala, ngati kutsogolo kuli madzi. Nthaka ikatentha imatenthetsa mpweya wapansi, mpweyawo n'kumakwera uku ukusakanikirana ndi wozizirirapo, ndipo kuwala kodutsamo kumapindikapindika. Pa renji zimachitikanso chimodzimodzi, makamaka pamene udzu wauma kapena wapsa. Sikopu sisankha chokulitsa. Ikakulitsa chandamale ka 60, kuvina kwa mpweyako kwakulanso ka 60. Mizere ya chandamale imasambira, bowo limaoneka n'kusowa, ndipo mukhoza kulumbira kuti sikopu yawonongeka pomwe ili bwinobwino.

Onjezanipo fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire wa mu Seputembala ndi Okutobala. Ku Emperor's View, pamwamba pa phiri lathuli la Zomba, Mulanje amaoneka bwino mvula ikangokatsuka kumwamba, koma m'chilimwe amabisala m'chimbuuzi tsiku lonse. Mpweya womwewo ndi umene uli pakati pa inu ndi chandamale. Mu Juni ndi Julayi vuto limasintha: chiperoni chimabweretsa nkhungu ndi kamdima, ndipo pamenepo chofunika ndi kuwala, osati kukulitsa.

Ine masiku ambiri sikopu yanga imakhala pakati pa 25 ndi 40. Pa 60 ndimafikapo m'mamawa kunja kusanatenthe, kapena tsiku la mitambo mvula itagwa dzulo lake. Mukaona bokosi lolembedwa kuti limakulitsa ka 100 kapena kuposa pa mtengo wotsika, dziwani kuti nambala imeneyo yalembedwera wogula, osati wowombera.

Pa mtunda umene ndimawomberapo, ndikufunika yaikulu bwanji?

Yambani ndi kukula kwa bowo limene mukufuna kuona. Mfuti ya mpweya ya pa mpikisano imaboola mamilimita 4.5 pa mamita 10, ndipo pamenepo kasikopu kalikonse kakwanira, bola kathe kuona bwino chinthu chapafupi choncho. Funsani zimenezi musanagule, chifukwa masikopu ena aakulu sathana ndi mtunda waufupi.

Chipolopolo cha .22 chimasiya bowo la mamilimita pafupifupi 5.6. Pa mamita 50, pamene malamulo a ISSF, bungwe loyendetsa mipikisano yowombera pa dziko lonse, amaika bwalo la mapointi 10 la mamilimita 10.4, sikopu ya galasi la mamilimita 60 kapena 65 yokulitsa ka 20 mpaka ka 30 imakuuzani bwino ngati mwakhudza mzere kapena ayi. Pa mamita 100 yomweyo imagwirabe ntchito ngati galasi lake ndi labwino. Mukayamba kufuna mamita 200 ndi 300, pitani ku galasi la mamilimita 80 kapena 85, koma ndikuuzeni zoona: bowo la chipolopolo cha mamilimita 7.62 pa pepala lakuda pa mamita 300 masana otentha limavuta ngakhale ndi sikopu yodula zedi. Si pachabe kuti marenji aatali amakhala ndi anthu obisala m'ngalande kutsogolo amene amaika chizindikiro pa bowo, ndipo mipikisano ikuluikulu inasamukira ku zandamale zamagetsi zowerenga zokha.

Oponya mivi ali ndi mwayi, poti muvi umatsala chiimire pa chandamale. Pa Olimpiki amaponya pa mamita 70 ku chandamale cha masentimita 122, monga anachitira Areneo David poimira Malawi ku Rio mu 2016. Iwo chofunika n'chakuti sikopu isiyanitse bwino mitundu, kuti adziwe muvi wawo pakati pa mivi ya anzawo.

Galasi la ED ndi chiyani, ndipo n'loyenera ndalama yowonjezerayo?

Inde, n'loyenera. Galasi wamba limapinda mitundu ya kuwala mosiyanasiyana, moti siikumana pa malo amodzi. Zotsatira zake ndi kamzere kofiirira kapena kobiriwira m'mphepete mwa chinthu chakuda chimene chili pa choyera. Yang'anani khwangwala atatera pa nthambi kumwamba kuli mbee, muona kamzereko mozungulira mapiko ake ndi pamene chifuwa choyera chakumana ndi nthenga zakuda. Pa mbalame kamzereko kamangonyansa, koma pa chandamale kamameza bowo lenilenilo, chifukwa chandamale ndi chakuda ndi choyera basi.

Galasi la ED, lomwe ndi lapadera losamwaza kwambiri mitundu ya kuwala, limachepetsa vutoli kwambiri. Kampani ya Kowa ya ku Japan imafika poika mwala wa fluorite m'masikopu ake apamwamba pa chifukwa chomwechi. Ndikanati ndisankhe pakati pa sikopu ya mamilimita 65 ya ED ndi ya mamilimita 80 ya galasi wamba pa mtengo wofanana, ndikanatenga yaing'onoyo mosazengereza. Chenjerani ndi zilembo za HD zokha, chifukwa kampani iliyonse imazigwiritsa ntchito mmene ikufunira. Fufuzaninso mawu oti fully multi-coated, otanthauza kuti magalasi onse apakidwa zokutira zingapo zothandiza kuwala kudutsa.

Yowongoka kapena yopindika?

Ku renji tengani yopindika, imene poika diso papendekera m'mwamba madigiri 45. Mukagona chafufumimba kapena kukhala pa benchi, mumaitembenuza kuti poika diso payang'ane kwa inu, ndipo simusuntha chigongono. Onetsetsani kuti ili ndi lamba wozungulira thupi lake woilola kutembenuka choncho. Ndi yabwinonso pogawana ndi anthu otalika mosiyana. Yowongoka imapeza chinthu msanga ndipo imayenera woonera nyama ali m'galimoto ku Liwonde.

Ndimavala mandala. Zindivuta?

Pa renji aliyense amayenera kuvala magalasi oteteza maso, ndiye funsoli ndi la tonse. Sikopu iliyonse ili ndi mtunda umene diso lingatalikire n'kumaonabe chithunzi chonse, umene pa bokosi amalemba kuti eye relief. Funani mamilimita 17 mpaka 20. Ukachepera 15, mudzakhala ngati mukusuzumira pa bowo la kiyi. Pa masikopu ambiri mtundawu umafupika mukamakulitsa, ndiye yesani pa kukulitsa konse mutavala mandala anuwo, kalabala ka pa diso mutakatsitsa.

Miyendo yake ndingagule ina iliyonse yotchipa?

Ayi, ndipo ndikupemphani kuti ndalama ya miyendo muiikiretu padera musanayambe kuyang'ana sikopu. Mayi aliyense amadziwa kuti mafuwa akamagwedera nsima sivundulika, ngakhale mphika ukhale watsopano. Kugwedera kumene diso silingakuone, pa 40 kumasanduka chivomezi. Ndaonapo bambo wina atabwera ndi sikopu yabwino kwambiri ataiika pa timiyendo ta kamera yaing'ono. Mwera utangoyamba kuwomba, sanathenso kuwerenga ngakhale nambala ya chandamale chake. Tinasamutsira sikopu yomweyo pa miyendo yanga, ndipo mabowo onse asanu anaonekera nthawi yomweyo. Anati, "Achimwene, ndimayesa andigulitsa chinthu chakufa."

Funani miyendo yolemera, ya mfundo zochepa, ndi mutu woyenda mosalala umene sugwa mukausiya. Pansi pa sikopu pali bowo la sikuluwu ya kota inchi, yofanana ndi ya makamera, ndiye miyendo yolimba ya kamera ya vidiyo yogwiritsidwapo kale ntchito imakwanira. Ndodo yapakati yotalikitsira musaikweze, chifukwa mukatero sikopu yaima pa mwendo umodzi. Kukakhala mphepo, mangirirani chigubu cha madzi cha malita 5 kapena thumba la mchenga pakati pa miyendoyo, lizikhudza pansi pang'ono kuti lisamalendewere uku ndi uku. Musaike sikopu pa benchi imodzi ndi mfuti, ndipo ikhale kumbuyo kwa kamwa la mfuti kuti mpweya ndi fumbi lotuluka powombera zisamenye galasi.

Nanga mvula ndi chinyontho cha kuno?

Sikopu yanga yoyamba inafera pamenepa. Ndinaigula m'sitolo ina ku Blantyre, wogulitsa atanditsimikizira kuti silowa madzi. Mvula itayamba mu Novembala ndinaiika m'chikwama chake n'kuitsekera m'kabati ya zovala. Pofika Epulo, nditaitulutsa, chithunzi chinali ngati ndikuyang'anira m'galasi lopaka mafuta. Nditawalitsa tochi kutsogolo ndinaona timizere toyera tayala mkati ngati ukonde wa kangaude, kuyambira m'mphepete kulowera pakati. Chinali chuku. Chimamera mkati mwa galasi pamene pali chinyontho ndi mdima, ndipo chikakhalitsa chimadya zokutira zija moti ngakhale mupukute chipsera sichichoka.

Zomba ndi malo a mvula yambiri, ndiye gulani sikopu yotsekedwa ndi timalabala ndi kudzazidwa mpweya wa nitrogen kapena argon mkati. Mawu ofunika kuwaona ndi waterproof ndi fogproof. Akangolemba kuti water resistant, ndiye kuti ingapirire kamvula kowaza basi. Ikanyowa, ipukuteni kunja n'kuisiya poyera iume musanaiike m'chikwama. M'dzinja isungeni m'chigubu chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, tija timapezeka m'mabokosi a nsapato ndi a mankhwala, ndipo muziitulutsa kawirikawiri ipitidwe mphepo. Mukatsika nayo kuchokera kozizira ku Ku Chawe kubwera m'tauni kotentha, galasi limachita thukuta. Lisiyeni liume lokha.

Popukuta, yambani mwauzira fumbi ndi kapampu kapena kuchotsa ndi kabulashi kofewa, kenako nsalu yopukutira mandala. Malaya kapena chitenje ayi. Fumbi lathu ndi mchenga, ndipo limakanda.

Ndamva kuti sikopu imathandiza kuwerenga mphepo. Zimatheka bwanji?

Kuvina kwa mpweya kuja, kumene kumabisa mabowo, ndi komwenso kumaulula mphepo. Konzani sikopu kuti chandamale chioneke bwino, kenako bwezani kagudumu kokonzera pang'ono kuti muziona bwino mpweya wa chapakati pa inu ndi chandamale. Muona timafunde. Tikamakwera molunjika ngati madzi owira, mphepo yaima kapena ikuwomba motsata njira ya chipolopolo. Tikapendekera kumanja, mphepo ikukankhira kumanja. Tikagona n'kumathamanga chopingasa, yakula. Ikafika pa makilomita pafupifupi 20 pa ola timafundeto timafafanizika, ndipo pamenepo mumadalira mbendera ndi mitengo. Mbendera imakuuzani za pamalo pamene yaima pokha, pomwe timafundeti timakuuzani za njira imene chipolopolo chidutse. Chipolopolo cha .22 n'chopepuka ndi chochedwa, kotero luso limeneli limaoneka phindu lake ngakhale pa mamita 50.

Masikopu ena ali ndi timizere toyezera mkati. Muyeso wa mil imodzi ndi masentimita 10 pa mamita 100, ndipo MOA imodzi ndi masentimita pafupifupi 2.9. Ngati mukufuna yoteroyo, muyeso wake ufanane ndi wa galasi la pa mfuti yanu, kuti mnzanu akati mwaphonya ndi theka la mil kumanzere mungopotokola osayamba masamu.

Ndingaiyese bwanji ndisanapereke ndalama?

Musayesere mkati mwa sitolo kapena kudzera pa windo. Tengani pepala, theka mulidetse ndi inki yakuda, theka likhale loyera. Boolani mabowo asanu mbali iliyonse ndi pensulo, imene kunenepa kwake kuli pafupi ndi chipolopolo cha 7.62, ndi ena asanu ndi msomali wocheperapo. Matani pepalalo pa katoni pamodzi ndi tsamba la nyuzipepala. Bwalo la mpira ndi lotalika mamita pafupifupi 100, ndiye ikani katoniyo pa golo ina, inu muime pa golo inayo. Werengani mabowo a mbali yakuda, kenako onani kuti zilembo zing'onozing'ono zimene mukutha kuwerenga ndi ziti. Chitani zimenezi m'mawa, mubwerezenso cha m'ma 1 koloko masana. Yang'ananinso m'mphepete mwa chithunzi, osati pakati pokha, ndipo mverani kagudumu kokonzera: kaziyenda mosalala, kopanda malo ogwira kapena olobodoka.

Ikakhala yogwiritsidwapo kale ntchito, walitsani tochi ya foni kutsogolo n'kusuzumira mkati kufuna chuku, fumbi ndi mikwingwirima. Igwedezeni pang'ono pafupi ndi khutu. Kukamveka kanthu kogubuduka, isiyeni.

Zimagulidwa kuti, ndipo ndi mayina ati odalirika?

Ambiri amaitanitsa kudzera kwa abale a ku Johannesburg kapena ku Ulaya, kapena amagula kwa okonda mbalame amene akuchoka m'dziko muno. Pamwamba penipeni pali Swarovski ya ku Austria, Zeiss ndi Leica za ku Germany, ndi Kowa. Zimenezi zimafika madola masauzande angapo. Pakati pali Nikon, Vortex, Leupold, Celestron ndi Bushnell, ndipo wowombera pa mamita 50 mpaka 200 apeza yomukwanira m'gulu limeneli. Powerengera mtengo musaiwale ndalama yotumizira ndi msonkho wa MRA. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kulakwitsa pogula katundu wakunja kumapweteka kwambiri, ndiye n'kwabwino kudikira miyezi ingapo mukusonkhanitsa kusiyana n'kugula kawiri.

Kampani ya Vortex imadziwika ndi lonjezo lokonza kapena kusintha katundu wake moyo wake wonse, koma kumbukirani kuti sikopuyo iyenera kukafika kwa iwo, ndipo ulendo wochoka ku Zomba ndi wanu. Dzina lodziwika likamagulitsidwa pa intaneti pa mtengo wotsika modabwitsa, kawirikawiri chimakhala chachinyengo.

Pakufunika chiphaso?

Chiphaso cha kupolisi ndi cha mfuti, ndipo popanda chimenecho nkhani yowombera isayambike n'komwe. Sikopu simangidwa pa mfuti, ndipo okonda mbalame amayenda nayo ku Chilwa ndi ku Liwonde momasuka. Komabe kumbukirani kuti Zomba ndi mudzi wa asilikali. Kuno kuli Cobbe Barracks, koleji ya apolisi, ndende yaikulu ndi nyumba ya boma. Musaloze sikopu kumalo amenewa, ngakhale muli pamwamba pa phiri, ndipo musaloze m'makomo mwa anthu. Dzuwa musaliyang'ane nayo ngakhale kamphindi, ndipo ana musawasiye nayo okha masana, chifukwa diso limapsa nthawi yomweyo.

Ndingajambule ndi foni kudzera m'sikopu?

Zimatheka ndi kachipangizo komangirira foni pa poika diso, ndipo n'zothandiza pophunzitsa, poti anthu angapo amaona limodzi. Foni imalemera kumbuyo, ndiye mutu wa miyendo ukhale wolimba.

Ndalama sizikukwana pakadali pano. Ndichite chiyani?

Sinthani chandamale kuti mabowo azioneka mosavuta. Poyeserera gwiritsani ntchito pepala loyera lokhala ndi kadontho kakang'ono kolozera, chifukwa bowo pa choyera limaoneka kutali kuposa pa chakuda. Kumbuyo kwa pepala kukakhala kowala, monga chulu cha dothi chowombedwa ndi dzuwa, kuwala kumadutsa m'bowo ndipo limanyezimira ngati nyenyezi ngakhale pa chakuda, ndiye dulani katoni yakumbuyo pakati kuti isatseke. Palinso zandamale zomata zimene chipolopolo chikaboola, utoto wakuda umasupuka n'kusiya bwalo lachikasu mozungulira bowo. Ndi zimenezi, sikopu yotsika mtengo ya mamilimita 60 imafika pa mamita 200 bwinobwino.

Njira ina ndi kusonkherana awiri kapena atatu, kugula imodzi yabwino ndi miyendo yolimba. Wina akamawombera, wina amakhala pa sikopu n'kumanena pomwe chagwera ngati akuwerenga wotchi: "Pa bwalo la mapointi 8, mbali ya 4 koloko." Mukatha zipolopolo 10 mumasinthana. Mugwirizane kuyambira tsiku loyamba kuti m'dzinja izigona kwa ndani, ndipo kumeneko kukhale chigubu chotseka bwino ndi timapaketi tija touma.